Makatoni Odikira Riboni

Ana anga, za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, amene amazikumbukira bwino kuposa ine ndipo amathirako mchere. Ine ndikulemba za ntchito, makamaka nkhani imodzi imene mwakhala mukuimva mopotoka kwa anthu ena: chifukwa chimene mayi wanu anapumira ntchito ali mphunzitsi wamba, chikhalirecho anakhalapo hedi. Amakuuzani kuti ndinatenga katundu wa sukulu n'kumuika m'nyumba mwanga. Ndi zoona, ndinamuika. Koma imvani mmene zinayendera, ndipo musayembekezere kuti kumapeto kuno ndipepesa.

Nyampande, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito ndinayambira ku Nyampande, pa sukulu ina ya mpingo wathu. Ndinafika pa lole yomwe inkapita kukatenga chimanga, nditanyamula sutikesi, mphasa ndi mbaula, ndipo ana a Chinsenga anaseka Chichewa changa cha ku Katete mpaka pamene ndinaphunzira kuwabwezera m'chilankhulo chawo. Ahedi anali a Zulu, bambo wofatsa, wodziwa masamu, wosamenya ana. Vuto lawo linali limodzi: ankaopa alendo kuposa njala. Choko tinkachita kugawana, kamtengo kamodzi kukaduladula, ndipo chikatha ana ankalemba pa dothi ndi zala mumthunzi wa mango. Buku lowerenga m'kalasi mwanga linali limodzi, lopanda chikuto, ndipo linali langa. Ndiye chaka china kunabwera mabuku atsopano, makatoni odzaza, onunkhira inki. Ndinasangalala ngati mwana. A Zulu anawalowetsa m'kabati ya mu ofesi, natseka ndi loko, kiyi n'kumuponya m'thumba la jekete.

Patapita masiku ndinalimba mtima n'kukafunsa kuti mabukuwo tiyamba liti kuwerenga.

"Madamu, imwe ndimwe atsopano," anatero a Zulu akumwetulira. "Chinthu chikabwela sichigwilidwa mpaka akulu abwele achipeleke na manja awo. Mukatsegula manje, mlendo azapeleka chani? Mphepo?"

"Nanga abwela liti, bambo?"

"Akapeza mpata."

Mpatawo unapezeka mvula itatha. Potsegula kabati dzulo lake la mwambo, tinapeza chiswe chitalowera kukhoma, chitadya kuchokera pansi mpaka pakati. A Zulu anasankha apamwamba omwe anapulumuka, tinawayala bwinobwino patebulo la nsalu yoyera, ana anaimba nyimbo zomwe ndinawaphunzitsa ine, mlendo anadula riboni, anadya, napita. Palibe anafunsa za mabuku enawo. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti pa ntchito yathu chinthu sichinafike ngati munthu wa suti sanachigwire, ngakhale chili m'chipinda momwemo ndipo ana akuchiona pawindo. Phunziro limeneli ndinaliloweza, koma silinakhazikike mumtima mwanga ngakhale tsiku limodzi.

Kaumbwe, pakati pa zaka za m'ma 2010

Pakati apa ndinayenda masukulu ena, ndinakwatiwa ndi atate anu, ndinabereka inu. Ndili ku Kaumbwe, wachiwiri kwa ahedi, kunabwera phunziro latsopano la makompyuta, lokhala ndi mayeso ochita ndi manja pa Giredi 9. Analipereka kwa ine chifukwa ndinkadziwa kutaipa pa makina akale aja a riboni yakuda. Kompyuta panalibe ngakhale imodzi, magetsi ndiye osanena. Ndinapempha makatoni a sopo ku magolosale, n'kuwadula, n'kujambulapo mabatani, mwana aliyense kiyibodi yake. Ndinkafuula chilembo, iwo n'kumadina katoni. Mausi ndinkaijambula pa bolodi, ana n'kumatsutsana ngati mchira wake umakhala kutsogolo kapena kumbuyo. Tinkaseka, inde, chifukwa ukapanda kuseka pa zinthu zotere umayamba kutukwana.

Kuseka kunatha tsiku la mayeso. Tinapita nawo ku sukulu yaikulu yomwe inali ndi malaputopu, ndipo ine ndinaima panja, kusuzumira pawindo. Panali mtsikana wina amene m'kalasi ankawaposa onse. Anakhala nthawi akuwerenga funso, osagwira kanthu, kenako galasi la laputopu linada lokha monga zimachitira ikakhala osaigwira. Ukangodina batani lililonse imadzuka. Koma katoni ya sopo siigona, ndiye zimenezi anali asanazionepo. Anaika manja pamiyendo n'kukhala chete mpaka nthawi inatha. Ine pawindo ndinkaona zonse, koma lamulo silinkandilola ngakhale kutsokomola. Pobwerera ndinamufunsa chifukwa chimene sanakwezere dzanja.

"Madamu, nenze kuyopa kuti naononga," anatero. "Nenze kuganiza azanimanga."

Mwana ameneyo sanapite ku Giredi 10. Sindikunena kuti phunziro limodzilo ndilo linamugwetsa lokha, koma linathandiza, ndipo amene anatumiza mayeso a kompyuta kwa ana osaidziwa kompyuta anagona tulo tabwino mlungu wonsewo. Ine sindinagone bwino, ndipo mpaka lero ndikakumbukira manja aja ali pamiyendo, mtima umandiwira.

Ndake, chaka chotsatira mliri wa korona

Uhedi unandipeza mochedwa, imvi zitayamba. Ananditumiza ku Ndake, m'boma la Nyimba, pa sukulu ya mpingo yomwe inali isanakhalepo ndi hedi wamkazi. Sindibisa, ndinanyadira. Ndinagula jekete yatsopano, ndipo atate anu anayamba kunditcha ahedi ngakhale popempha madzi osamba. Chaka chomwecho a mafoni anaimika nsanja yatsopano pa phiri lina moyang'anana nafe, intaneti yothamanga n'kufika kudera kumene kale kutumiza uthenga kunali kokwera pa chulu. Kenako abale a mpingo wina wa kutsidya kwa nyanja anamva za ife ndipo anati atigulira malaputopu asanu ndi imodzi, ndi zipangizo zolumikizira intaneti. Nkhani zonse zinkadzera kwa a Njobvu, mlembi wa maphunziro wa mpingo, amene anali bwana wa mahedi tonse a masukulu a mpingowo. Anali munthu wovala bwino, wolankhula mosalala, wokumbukira dzina la mwana wa aliyense. Anali atasankha kale katundu pa zithunzi: malaputopu a galasi lalikulu, onyezimira, ndi rauta ya nyanga zambiri. Rauta ndi kabokosi kolandira intaneti n'kuigawira makompyuta popanda waya, ndipo iyi ya a Njobvu inkaoneka ngati nkhanu yagada.

Ndinati ndisavomere ndisanafunse iwe Tiyanjane, poti ntchito yako ku Lusaka ndi yomweyi. Unabwera Loweruka, osafuna n'kukhala pansi komwe, n'kuyamba kuzungulira sukulu yonse foni ili m'mwamba. Makalasi athu ali m'chigwa. Mmenemo netiweki inali yongonunkhiza. Mu ofesi inalibiretu. Koma pakhonde la nyumba ya hedi, pamtunda paja, foni inadzaza.

"Amai, lauta ija ya a Njobvu niyabwino," unatero, "koma ifuna waya wochokela ku kampani, monga m'tauni. Kuno waya kulibe. Imwe mufunika yolowa simukadi, yokhala na kabokosi kapanja koika pa mlongoti, koyang'ana ku phili kuja. Liwilo silichokela m'nyanga. Lichokela pamene netiweki ifika, ndipo pano ifika panyumba panu chabe."

"Nanga malaputopu?"

"Musayang'ane kukula kwa galasi. Funsani batile ikhala maola angati, chifukwa sola yanu siingakoke zazikulu. Mkati mosungila zinthu musakhale mwa mtundu wa mbale yozungulila, chifukwa ana akagwetsa laputopu, mbaleyo imafa. Na memole ikhale yokwanila, apo ayi mwana azadina lelo, iyo iyankhe mailo."

Tinakwera basi tonse kupita ku Lusaka. M'shopu wogulitsa anatiyalira zopyapyala, zasiliva, n'kumatiuza kuti zimenezi ndi zomwe mabwana akugula. Ndinamuuza kuti ine sindikugulira bwana, ndikugulira ana omwe m'mawa amagwira khasu. Ndinadina mabatani mwamphamvu ndi zala zanga za choko, ndinatsegula ndi kutseka chivindikiro kuti ndimve ngati mahinjesi ndi olimba, ndinafunsa za fumbi, ndinafunsa ngati chaja chikafa chimapezeka ku Petauke kapena mpaka kubwerera kuno. Iwe unkayang'ana zamkati, ine zakunja. Tinathera pa malaputopu akuda, okhuthala, osakongola ngakhale pang'ono, okhala ndi pobayira waya wa intaneti pambali. Tinatenga rauta yaing'ono yoyera ya simukadi, kabokosi kake kapanja, waya wautali wolimba dzuwa, ndi chotetezera mphenzi. Nditawaimbira a Njobvu kuwafotokozera, funso lawo loyamba silinali la batire.

"Zakuda? Amai Daka, pa chithunzi zizaoneka bwanji?"

Abale akunja aja anagwirizana ndi zomwe tinasankha, ndiye a Njobvu anagonja. Koma anagonja ndi mawu awa: "Chabwino. Koma musatsegule katoni olo imodzi mpaka mwambo wopeleka uchitike."

Ndake, nyengo yozizira

Chitseko cha ofesi chinali choti mbuzi ikachikankha chimatseguka, choncho makatoni tinawasunga kuchipinda kwathu, pakona. M'mawa uliwonse ndinkadzuka n'kuwaona. Mwambo unkafunika anthu awiri pa tsiku limodzi: mkulu wa mpingo wa chigawo chonse, ndi nthumwi ya abale akunja yomwe inkakhala ku Lusaka. Tsiku loyamba linaikidwa, makolo anabwera kudzalambula, ana anapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Mkulu wa mpingo anapita kumaliro. Linaikidwa lina, nthumwi inapita kumsonkhano. Linaikidwa linanso, galimoto inawonongeka. Laimu anasuluka, tinapakanso. Nyimbo zolandirira alendo ana anaziimba mpaka anayamba kuziika mawu awoawo achipongwe. Uku ana a Giredi 9 anali akudinabe makatoni a sopo, mayeso akubwera nyengo yotentha, makompyuta enieni ali kuseri kwa khoma la hedi wawo. Iwe Tiyanjane unkandiimbira kuti nthawi yobweza chinthu chikapezeka chakufa ikutha, tiyese katunduyo. Ndinawaimbira a Njobvu, ndinapempha mwaulemu wonse umene amayi anga anandiphunzitsa.

"Amai Daka, mwambo si masewela," anatero. "Abale athu afuna chithunzi cha ana akugwila kompyuta koyamba. Koyamba, mwamva? Pililani pang'ono."

Loweruka lina m'mawa ndinatenga mpeni wa anyezi n'kulowa nawo kuchipinda. Atate anu anandipeza nditagwada pa katoni yoyamba.

"Amake Tiyanjane, mwaganiza bwino?"

"Ninayamba kuganiza nikali ku Nyampande," ndinatero, n'kudula selotepi.

Sanatsutsenso. Anatenga nkhwangwa n'kukadula bulugamu wautali. Tinamangirira kabokosi kapanja kunsonga, tinauimika pafupi ndi khonde, iwe uli pa foni kutilamula kuti tizipotoza pang'onopang'ono kuloza kuphiri mpaka timagetsi tonse ta pa rauta titayaka. Waya tinaulowetsa pawindo. Rauta inachotsa mbale zanga za alendo pamwamba pa kabati, ndipo unandiletsa kuifunditsa kansalu koluka kapena kuitsekera mkati, ati imafuna mpweya ndi malo oonekera. Chaja chimodzi chinapezekadi chakufa, tinachitumiza pa basi n'kutisinthira nthawi isanathe. Tikanadikira riboni, laputopu imeneyo ikanakhala chokongoletsa. Mipando ya pabalaza tinaitulutsa, n'kulowetsa mabenchi. Atate anu anasamukira pansi pa mtengo ndi wailesi yawo, akudandaula kuti anakwatira hedi koma nyumba yakwatiwa ndi sukulu.

Ana ankabwera masana, m'magulu, atasamba m'manja pakhonde. Tsiku loyamba ndinasiya dala magalasi onse kuti ade, n'kuwauza kuti aliyense adzutse yake. Anaphunzira kutaipa, kusunga zomwe alemba, kupanga matebulo, kutumiza uthenga. Intaneti inkathamanga moti kanema wa phunziro ankayenda osaima, ndipo ana ena anaona koyamba mmene mtima wa munthu umagundira mkati. Mwa onsewo panali Misozi, mtsikana wachete, wa zala zazitali. Amayi ake, amake Misozi, anali mayi wamasiye wolima thonje, ndipo masana amenewo ndi omwe mwanayo ankayenera kuwathandiza kumunda ndi kudimba. Anamumasula. Nthawi zina ankabwera okha, khasu paphewa, n'kuima pawindo, kuonerera mwana wawo akutaipa osayang'ana mabatani. Tsiku lina anandifunsa ngati ndi zoona kuti anthu amalembedwa ntchito chifukwa cha zimenezi. Ndinati inde. Anagwedeza mutu n'kubwerera kumunda okha.

Ndake, dzuwa litayamba kutentha

Mlongoti wa bulugamu subisika. A Njobvu anauona ali m'galimoto pa msewu, tsiku lomwe anabwera osanena. Analowa pabalaza nthawi ya gulu lachiwiri. Ana anaimirira n'kupereka moni, iwo anayankha bwinobwino, anayang'ana malaputopu, anayang'ana rauta pa kabati, kenako anandipempha kuti tikalankhulire panja. Sanakalipe. A Njobvu sankakalipa, ndipo chimenecho ndicho chinkandipsetsa mtima kwambiri.

"Amai Daka, mwanichititsa manyazi," anatero. "Muganiza ine nikonda maliboni? Anthu aja apatsa kumene aona zithunzi. Nili na masukulu ena alibe olo chimbudzi. Mukaononga chithunzi ichi, mwaonongela na anzanu."

"Jambulani manje, bambo. Ana ali mkati, akugwila. Chithunzi choposa ichi muzachipeza kuti?"

"Palibe akulu, palibe liboni, ndipo ni pabalaza panu. Azati chani? Kuti mphatso yao ili m'nyumba ya hedi?"

"Ili m'nyumba ya hedi chifukwa netiweki ifika panyumba ya hedi. Sinine ninaika phili kuja."

Anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Mvelani. Pakilani zonse lelo, mumate selotepi, mugwetse mtengo uyu, nkhani ithele pano. Mukakana, nifunika kukauza komiti kuti mwatsegula katundu mopanda chilolezo na kumuika m'nyumba mwanu. Muziwa mwamene izamvekela. Mwatsala pang'ono kupuma, amai. Mufuna kupuma monga hedi, olo monga chani?"

Ana anga, musaganize kuti mayi wanu ndi mwala. Ndinaopa. Uhedi umenewo ndinaudikira moyo wanga wonse wa ntchito, ndikuona amuna omwe ndinawaphunzitsa kulemba pulani ya phunziro akundipitirira. Ndinkafuna kupuma ndi dzina limenelo, kuti pa maliro anga adzanene kuti agona apawa anali ahedi. Ndinadziwanso mmene nkhani imayendera kwathu kuno: ikachoka ku Nyimba ili yoti anatsegula makatoni, imafika ku Petauke ili yoti anaba makompyuta. Ndipo zomwe ananena za masukulu ena sizinali zabodza zonse. Koma kudzera pawindo ndinkamva mabatani akulira, ndipo ana amenewo anali asanafike pokwanira. Ambiri anali asanadziwe kusunga ntchito yawo pamalo pomwe woyesa angaipeze. Kuwabwezera ku makatoni a sopo nthawi imeneyo kunali kuwaonetsa chakudya n'kuchibweza kukhitchini. Ndipo chifukwa chake chiyani? Kuti munthu wamkulu, wophunzira, wa ana akeake omwe ali ndi makompyuta kunyumba, adzapeze selotepi yoti adule. Mantha anachoka, mkwiyo n'kukhala pamalo pake.

"Bambo," ndinatero, "mayeso akatha bwelani mutenge vonse, na makiyi ya ofesi pamodzi. Koma lelo gulu lachitatu lingena m'nyumba kuphunzila."

Anandiyang'ana, anati zikomo, nakwera galimoto. Atate anu, amene anamva zonse ali pansi pa mtengo, anangokweza wailesi.

Ndake, kumapeto kwa chaka chomwecho

Mayeso anafika. Ndinaimanso pawindo, monga kale, koma ulendo uno panalibe manja pamiyendo. Ana anatuluka akukangana za funso la tebulo, wina akuti linali lophweka, wina akuti anzake ananamizira. Ndinene kale kuti zotsatira zinabwera ine ndili kwina: ambiri anakhoza, ena ayi, monga zimakhalira m'kalasi iliyonse yomwe yaphunzitsidwa. Misozi anakhoza bwino.

Komiti ya maphunziro ya mpingo sinachedwe ngati mlendo. Anandiitana, anandiwerengera mlandu wosamvera ndi wosunga katundu wa sukulu m'nyumba, anandithokoza chifukwa cha zaka zanga, n'kundiuza kuti chaka chamawa ndikaphunzitsa Giredi 4 pa sukulu ina. Makiyi ndinapereka kwa wachiwiri wanga, a Sakala, munthu wabwino amene sankatha kundiyang'ana m'maso. Ndiwo anatumidwa kudzatenga katundu. Ndinawaona ndi maso angawa akupukuta mabatani ndi kansalu ka sipiriti kuti zala za ana zisaoneke, akubwezera malaputopu m'mapulasitiki, akumata makatoni ndi selotepi yatsopano. Mlongoti anaugwetsa. Ndipo taonani zodabwitsa: alendo omwe analephera kupeza mpata nyengo yonse yozizira anaupeza msangamsanga, ana a Giredi 9 asanamalize n'komwe mapepala awo otsiriza.

Pa mwambo sanandiitane, koma sanandiletsenso. Ndinavala chitenje n'kukakhala kumbuyo, pakati pa makolo. Pambali panga panakhala amake Misozi, atagwira nkhuku yaikazi yomanga miyendo, yoti akapereke kwa alendo pothokoza. Kutsogolo kunali tebulo la nsalu yoyera, makatoni atamangidwa riboni yofiira. Kunali mapemphero, kunali nyimbo. A Njobvu analankhula bwino kwambiri, moti ndikanapanda kudziwa ndikanalira. Anati lero ndi tsiku limene ana a ku Ndake aone kompyuta koyamba m'moyo wawo. Makolo anayang'anizana, koma anaomba m'manja, poti alendo anali akuomba. Mkulu wa mpingo anadula riboni, nthumwi inatulutsa laputopu imodzi n'kuitsegula, wojambula anagwada. Kenako anaitana mwana woti aigwire, ndipo mwanayo anali Misozi. A Sakala anali atamukonzekeretsa dzulo lake.

Anayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anaima patsogolo pa laputopu yomwe ankaidziwa mpaka batani lomwe linkalimba. Anatulutsa chala chimodzi, anachiyendetsa m'mwamba ngati akufunafuna, anadina chilembo chimodzi, n'kubweza dzanja msanga ngati wagwira mbaula. Alendo anaseka mokoma mtima. Nthumwi inamugwira dzanja n'kumuonetsa podina. Wojambula anati abwereze, Misozi anabwereza. Sanayang'ane kumene tinakhala. Ine ndinamuphunzitsa kutaipa miyezi yonse ija, iwo anamuphunzitsa zimenezi masana amodzi, ndipo anaziphunzira bwino chifukwa anali mwana womvera. Ndakwiyapo kambiri pa ntchito, koma tsiku limenelo ndinamva ngati ndidzuke ndikagubuduze tebulo.

Ndinamva wina akukoka chitenje changa. Anali amake Misozi, nkhope itagwa, maso ali pa mwana wawo.

"Amai ahedi," ananong'ona, "mwana wangu waiwala vonse? Masiku yonse yaja nenze nekha kumunda. Nanga pa mayeso walemba chani?"

"Sanaiwale, amai. Mayeso walemba bwino."

"Nanga ivi achita ni vichani?"

"Amuuza kuti achite monga saziwa, kuti alendo akondwele."

Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana alendo omwe anali akusekabe. Nthawi yomweyo a Sakala analengeza kuti makolo omwe abweretsa mphatso abwere nazo kutsogolo. Amake Misozi anadzuka, anaika nkhuku m'khwapa, anayenda mpaka patebulo, anthu n'kuyamba kuomba m'manja. A Njobvu anatambasula manja kuti alandire. Mayiwo anawadutsa, anagwira Misozi padzanja, n'kutuluka naye pabwalo kulowera njira ya kwawo, nkhuku ili m'khwapa momwemo.